Mchere Umene Sindinathire

Ng'ombe ya a Mbewe ija sanawoletse ndi Tadala. Ndinawoletsa ndine.

Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudzidziwa. Ndikawasungira kumapeto, ndifika pakati n'kupinda pepalali, n'kunena kuti zikomo pondimvetsera. N'chifukwa chakenso ndachita kulemba. Pakamwa pokha ndayesapo kawiri, kawiri konseko ndinalephera.

Kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Flora, koma ambiri amanditchula kuti amake Pemphero. Kwathu ndi ku Namitete, kuno ku Nsaru ndinabwera chitengwa. Ndili m'gulu la achinyamata lowamba nyama, lija amaphunzitsa a Kamwendo kuseri kwa msika. Inu amene munalowa gululi chaka chino ndakuphunzitsanipo, ndipo china mwa zimene ndinakuphunzitsani chinali bodza. Mundipirire, ndifikapo.

Ndili ndi satifiketi ya kaphikidwe ndi kasungidwe ka zakudya. Ndinaitenga ku koleji ina mu Lilongwe. Ndinayenda nayo m'mahotela ndi m'malo odyera mpaka envelopu yake inatha m'makona. Kulikonse yankho linali lakuti tikuyimbirani. Amene anandiyimbira ndi bambo a Pemphero okha, ndipo ntchito imene anandilemba ndi iyi mumandiona nditaibereka kumbuyoyi. Iwo amayendetsa kabaza m'tauni, kuno amabwera pakutha pa mwezi. Ine ndimakhala ndi apongozi anga, satifiketi ili pansi pa sutikesi pamodzi ndi zovala zimene zinandithina.

Choncho gulu litayamba ndinalowa mothamanga, ngati munthu wotuluka m'nyumba ya utsi. A Kamwendo anagulitsa nyama pamsika zaka zambiri, ndipo luso lowamba analitenga kwa bambo awo amene ankasaka ku Dzalanyama. Anatiphunzitsa kudula nyama motalika motsatira mitsempha yake, kuchotsa mafuta chifukwa ndi amene amayamba kununkha, kuipaka mchere wa miyala ndi kuisiya igone m'beseni kuti itulutse madzi, kenako kuiyala pa nsanja ya waya. Nkhuni za mango kapena gwafa, bulugamu ayi. Utsi wambiri, malawi ochepa. Ankati, “Moto wa nyama uzikhala wofatsa ngati mkamwini watsopano.” Koma sikuti tinkaphunzira nyama yokha. Tinkaphunzira kufika pa nthawi, kusamba m'manja, kumaliza chimene wayamba, kulankhula ndi wogula osayang'ana pansi. Ena mwa anyamata aja ankangokhala pa bawo tsiku lonse asanalowe gulu. Ine ndinayambanso kumva ngati munthu.

Sabata yachiwiri mtsikana wina anafunsa funso, maso ali pansi. Anati, “Nanga munthu wamkazi akakhala kuti sali bwino, mchere angagwire?”

Nonse mwambo wake mukuudziwa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula anthu odyawo, makamaka ana. Amati mwana amatupa, amatsokomola, amafooka, ndiye timati tsempho. Anyamata anayamba kugwirana m'nthiti. A Kamwendo anakanda m'mutu, akufuna poyambira. Ine sindinawadikire.

“Mchere sudziwa kuwerenga masiku a munthu,” ndinatero. “Ife ku koleji tinkathira tsiku lililonse, palibe anatupa. Zimenezo n'zakale.”

Yobu, wapampando wa gulu, anawomba m'manja. “Mwamva? Alankhula a satifiketi! Nkhani yatha!”

Kuyambira tsiku limenelo mchere unakhala ntchito yanga. Ndinkanyada nayo. Sindinadziwe kuti ndadzitsekera ndekha chitseko ndi pakamwa panga.

Mwezi wa Sepitembala Pemphero anayamba kudwala. Anali ndi chaka chimodzi ndi theka. Tsitsi linafiira, miyendo inatupa, ukadina phazi ndi chala dzenje linkatsala. Kuchipatala anati akusowa zakudya zomanga thupi, natipatsa chiponde. Ine ndinkadziwa. Matenda amenewa ndinalembapo mayeso. Ndinkadziwanso kuti pakhomo pathu mwanayo ankadya phala loyera m'mawa, phala loyera masana, ndipo tinyama timene ndinkabweretsa kamodzikamodzi sitinkamufika mokwanira.

Koma titabwera kuchipatalako apongozi anandiitana. Ankasenda mtedza pakhonde. Sanakweze mawu ayi. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

“Amake Pemphero, tandiuzani zoona. Kumsika kuja mchere mumathira ndinu?”

“Eya amayi, ndi ntchito yanga.”

“Masiku onse?”

Ndinavomera ndi mutu.

“Masiku onse, eti? Ndiye tinyama mumabwera nato tija mwanayu amanyambita. Pakhomo pano ndimakuthirirani mchere ine masiku anu, ndimayesa tikumvana, osadziwa kuti mukukathira kuseri. Mdzukulu wanga mwamudula ndi manja anuwo. Chikachitika china, sukulu yanuyo idzakumbe manda ndiyo.”

Anapitiriza kusenda mtedza wawo.

Abale anga, kudziwa kwa m'mutu sikutsika kufika m'mimba munthu ukachita mantha. Ndinayamba kubwerera m'mbuyo m'maganizo. Mwezi uja ndinathira ndili kumwezi, Pemphero anayamba kutsegula m'mimba. Mwezi winawo ndinathiranso, tsitsi linafiira. Mutu unkati zangochitika pamodzi. Mtima unkati, nanga akakhala kuti akunena zoona? Ndinkayang'ana mapazi a mwana wanga, kenako manja anga.

Ndiye kunabwera ng'ombe.

Munali mu Okutobala, kukutentha koti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ng'ombe ya pangolo ya a Mbewe inagwera m'dzenje itanyamula njerwa, n'kuthyoka mwendo. Anaizinga. Nyama yogulika tsiku lomwelo anagulitsa, koma miyendo yakumbuyo ndi msana anabwera nazo kwa ife pa wilibala.

“Ana inu, mundiwambire iyi. Ndizigulitsa pang'onopang'ono, mwina ndipezepo poyambira kuti ngolo iyendenso. Aliyense wa inu adzatengako yakudya kunyumba.”

Aka kanali koyamba munthu wakunja kutikhulupirira ndi chinthu chachikulu chotere. A Kamwendo anadula nafe m'mawa wonse. Tisanamalize foni yawo inalira. Mlongo wawo anali atamwalira ku Nambuma. Anasamba m'manja mwachangu, akugawa ntchito ali pa njinga kale.

“Yobu, nkhuni ndi agalu. Tadala, moto. Amake Pemphero, mchere. Kukutentha uku, ndipo zidutswa zina zanenepa. Musaumire mchere.”

Ine m'mawa womwewo ndinali nditayamba kumwezi.

Ndinalowa ndekha m'kanyumba kathu kosungiramo zipangizo. Mabeseni anayi odzaza nyama, chitini cha mchere chili pakati. Ndinatsegula chitinicho, dzanja linaima m'mwamba. Ndikathira, gawo langa lipita kunyumba, Pemphero adya. Ndikakana gawo langa, apongozi afunsa chifukwa, ndipo ana a anthu ena adyabe. Ndikaitana Tadala kuti andithirire, pofika madzulo msika wonse ukhala utamva kuti wa satifiketi uja, amene ankati mchere suwerenga masiku, lero wathawa chitini. Kulikonse kumene ndinkayang'ana kunali khoma. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinaima pakati, koma mvula inagwera wina.

Ndinatseka chitini. Ndinasinja tsabola ndi adyo wambiri, n'kupaka nyama yonse. Inafiira bwino, inanunkhira bwino. Ndinadziuza kuti utsi wokha ukwanira, makolo ankawamba opanda mchere. Koma makolo sankasiya nyama yonenepa chotero itavundikiridwa m'beseni theka la tsiku pa dzuwa la Okutobala, akudikira kuti mchere ulowe pamene mchere mulibe. Ndinkadziwa. Musandichepetsere mlandu ponena kuti sindinkadziwa.

Tsiku lachitatu ntchentche zobiriwira zinatiuza tisananunkhize n'komwe. Kunja nyama inkaoneka youma. Yobu atathyola chidutswa chimodzi, m'kati munali mofewa, motuwa, mphutsi zikuyenda. A Mbewe atabwera sanatukwane. Anangokhala pansi pafumbi, munthu wamkulu, manja ali kumutu. Tinakumba dzenje n'kukwirira yonse a Kamwendo asanabwere ku maliro.

Titakhala pansi, wina anati tsiku lachiwiri anaona nsanja ilibe munthu. Zinali zoona. Tadala anali mwana wamasiye wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wokhala ndi azakhali ake, ndipo azakhaliwo anadzamutenga kuti apite kuchigayo. Moto unazima mwina maola awiri. M'gulu lonse panalibe wakhama ngati iye. Sukulu analekeza Sitandade 7, koma moto ankaumva ndi kuseri kwa dzanja kuposa tonse.

Yobu anatembenukira kwa ine. “A satifiketi, tiuzeni mwa sukulu. Chawoletsa n'chiyani?”

Pamenepo ndi pamene ndinagwa. Osati m'kanyumba muja. M'kanyumba ndinali mayi wamantha. Apa ndinali china.

Ndinati, “Moto ukazima pakati, nyama imazizira n'kuchita thukuta. Tizilombo timalowa pamenepo.” Ndinawonjeza ndi mawu awiri atatu a Chizungu kuti zimveke zolemera.

Tadala anandiyang'ana. Yobu anati amene akufuna kuti achoke akweze dzanja. Manja anakwera. Langa linakwera nawo.

Zotsatira zake zinayenda mofulumira ngati moto wolusa. Dzinja lonse gulu linalima m'munda wa a Mbewe pofuna kupepesa. Tadala anthu anayamba kumutchula kuti wowoletsa ng'ombe. Anakapempha ntchito kwa bambo wina wowotcha kanyenya, bamboyo anaseka, nati sakufuna kutseka bizinesi. M'gulu munabadwa mawu atsopano. Munthu akasiya ntchito pakati, anzake ankati, “Iwe, usachite za Tadala.” Ine ndinakwezedwa. Atabwera ophunzira atsopano, a Kamwendo anandipatsa kuti ndiziwaphunzitsa ukhondo ndi kasungidwe. Ndinkaima patsogolo panu, inu amene muli panowa, n'kumafotokoza nkhani ya mtsikana amene anasiya moto, ng'ombe n'kuwola. Munkalemba m'makope.

Mwezi uliwonse masiku anga akafika ndinkapeza bodza lina. Mutu. Tsiku la sikelo. Maliro a kwathu amene kunalibe. Ndinasintha njira yopita kumsika kuti ndisadutse pa azakhali a Tadala. Ku Misa ndinkakhala benchi yakumbuyo, anzanga akamapita kukalandira ine ndinkanamizira kuyamwitsa. Chakudya chinasiya kulowa. Pemphero anayamba kuchira ndi chiponde chija, apongozi n'kumati wachira chifukwa anandiletsa kubweretsa nyama ya kumsika. Ine sindinkadziwanso woti ndimukhulupirire.

Pansi penipeni ndinafika tsiku lina masana. Pemphero ankasewera pafupi ndi khitchini, n'kugubuduza kabotolo ka mchere, mchere n'kumwazika pansi. Ndinamumenya. Mwana wongochira kumene, wa miyendo yoonda, ndinamumenya mpaka analira kosatulutsa mawu. Apongozi anamulanda m'manja mwanga. Mwana amene ndinawoletsera ng'ombe kuti ndimuteteze, ndinamumenyera mchere wodzaza supuni ziwiri. Amayi anzanga, ngati pali wina pano amene akumenya mwana chifukwa cha chinthu chimene mwanayo sakuchidziwa, ndikukuonani, ndinali pomwepo.

Tsopano ndinene pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene panakhotera njira.

Mu Juni tinali ndi mbuzi ziwiri zowamba. Masiku anga anali atafika, ndiye ntchito ya mchere ndinapatsa mmodzi wa atsikana atsopano, Esita. Wandilola kuti ndimutchule. Ine ndinali panja kuyang'anira nsanja. Patapita nthawi ndinaona kuti sakutuluka. Nditalowa m'kanyumba ndinamupeza ataima pa beseni, chitini chili chotsegula, dzanja lili m'mwamba. Malo omwewo. Chitini chomwecho.

“Esita, bwanji?”

Anayang'ana kukhomo ngati kuli munthu, kenako ananong'ona. “Asisi, musandiseke. Ndikudziwa kuti inu mumati n'zakale. Koma ine ndili kumwezi, ndipo mayi anga ali ndi khanda kunyumba, nyamayi akadya nawo. Ndayesa, dzanja likukana.”



Anapitiriza. “Kodi ndikangopaka tsabola yekha, angadziwe? Utsi sukwanira?”

Ndinakhala pansi pa thumba la makala. Panja ndinkamva mnyamata amene anali pa moto tsiku limenelo akuimba mluzu, akusonkhezera nkhuni zake mosamala, osadziwa kuti m'kanyumba muno tikumukonzera dzina. Ndinaona kuti bodza langa silinathere kwa Tadala. Linali litakhala mwini wa kanyumbako, likudikira mtsikana aliyense wolowa yekha. Ndipo amene anatseka pakamwa pa atsikanawa kuti asathe kunena poyera ndinali ine, ndi nthabwala yanga ija ya mchere wosawerenga masiku.

Ndinati, “Pita ku moto. Mnyamatayo umuuze kuti ndasintha ntchito, abwere kuno.”

“Akafunsa chifukwa?”

“Unene kuti a satifiketi atero.”

Mawa lake ndinabereka Pemphero n'kupita kukafuna Tadala. Ndinamupeza m'chigafa cha mlimi wina wa fodya cha ku Kabudula, akusankha fodya pamodzi ndi amayi ena. Zala zake zinali zakuda ndi phula la fodya, akutsokomola chifukwa cha fumbi. Atandiona sanadabwe. Anatuluka, tinakhala pa chitsa.

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangoti, “Tadala, nyama ija sindinathire mchere.”

“Ndikudziwa, asisi.”

Ndinaganiza kuti sanamve. “Ndikuti sindinathire ngakhale pang'ono.”

“Ndamva. Tsiku lija madzulo chitini ndinabweza pashelefu ndine. M'mawa ndinachitsitsa ndi manja awiri, madzulo ndinachikwezanso ndi manja awiri. Mabeseni anayi, chitini osapepuka?”

“Ndiye bwanji sunanene?”

Anaseka, koma sikunali kuseka. “Ndinene kwa ndani? Inu mukulankhula Chizungu, ine wa Sitandade 7 amene ndinasiyadi moto. Akanakhulupirira ndani?” Anayang'ana Pemphero kumbuyo kwanga, n'kumugwira phazi, n'kulidina pang'ono ndi chala chake chakudacho. Dzenje silinatsale. “Komanso mapazi a mwanayu ndinawaona sabata ija. Ndinadziwa chimene munkaopa. Ndinkati mwana akachira mudzanena. Ndadikira mvula yonse, asisi.”

Ndinalira mpaka amayi a m'chigafa anasiya fodya n'kumasuzumira. Ndinati ndikauza a Kamwendo, abwerere kugulu mawa lomwe.

Anapukusa mutu. “Kubwerera ngati ndani? Ngati wokhululukidwa? Kuti azikati tamumvera chisoni wowoletsa uja? Ayi. Dzina langa munaliyipitsa pagulu. Mukaliyeretse pagulu pomwepo. Mukatero ndibwera ndekha, simuchita kunditenga.”

Anabwerera ku fodya wake.

A Kamwendo ndinawapeza akunola mipeni. Ndinawauza zonse nditagwada. Anapitiriza kunola nthawi yaitali, ine n'kumati mwina sanamve. Kenako anaika mpeni pansi.

“Dzukani, amake Pemphero, ine si wansembe. Ndinadabwa nthawi ija. Nyama yodya mchere bwino siwola chifukwa moto wazima maola awiri. Koma ndinapeza mwakwirira kale, ndipo amene anafotokoza anali wa pepala. Nanenso pepala lanulo ndinaliopa. Funso la mtsikana lija woyankha ndinali ine, koma ndinachita manyazi n'kukusiyirani. Tonse tili m'dzenje lija.”

Ndinafunsa ngati angauze gulu m'malo mwanga.

“Ayi. Kukonza kagwiridwe ka ntchito ndikonza. Koma mawu amenewo ali ndi mwini.”

Ndipo anakonzadi. Inu a m'gulu munaona zinthu zikusintha osadziwa chifukwa chake, lero mwadziwa. Mchere sathiranso munthu mmodzi, amathira awiri, chitseko chili chotsegula. Mchere timayeza ndi kapu onse akuona, kapu yake pa beseni lake. Nyama isanakwere pa nsanja timadula kachidutswa, kuwotcha, anthu atatu n'kulawa. Ndipo lamulo limene ine ndimaliona lalikulu ndi ili: aliyense, mtsikana kaya mnyamata, akhoza kunena kuti “lero ine ndili ku moto,” ndipo palibe womufunsa chifukwa. Anyamata nawonso amalinena, ena chifukwa cha bala pa chala, ena ulesi chabe, ndiye palibe amadziwa za mnzake. Mbuzi ziwiri zija zinauma bwino, ndipo chiyambire sitinakwirirenso nyama.

Kunyumba ndinayamba ndi mwana. Nyama yowamba, yothira mchere anzanga, ndimaisinja mumtondo mpaka ikhale ufa, n'kumasakaniza ndi nsinjiro m'phala lake. Apongozi analola nditawauza kuti mchere wake si wa manja anga. Sikelo sindijombanso, ndipo sindiigwiritsanso ntchito ngati bodza. Dzanja likafuna kumenya ndimatuluka panja, ndimakatunga madzi ngakhale ndowa zili zodzaza. Ndinakalapa, ndinayambanso kulandira. Kwa a Mbewe ndinapita ndekha n'kuwauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, “Ng'ombe inapita. Koma mwana uja ndinamutukwanira azakhali ake pachitsime anthu akumva. Zimenezo ndikonza bwanji?”

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti tsopano mantha anatha, ndimathira mchere masiku onse. Sindinama kachiwiri. Mutu wanga umadziwa kuti Pemphero anatupa ndi njala ya m'thupi. Ndikhoza kukufotokozerani pa bolodi. Koma mpaka lero masiku anga akafika ndimati, “Lero ine ndili ku moto.” Mwina tsiku lina ndidzathira. Chimene ndinachira si mantha. Ndinachira kunamizira kuti ndilibe mantha, chifukwa kunamizirako ndi kumene kunadya ng'ombe ndi dzina la munthu.

Tsono panatsala chimodzi chija, chimene Tadala anapempha. Kuyambira Juni mpaka lero papita miyezi itatu. Kawiri ndinaimirira pa msonkhano wa gulu, kawiri ndinanena za sopo ndi ndowa n'kukhala pansi.

Chondigwira ndi ichi. Nditawauza apongozi kuti ndikufuna kunena pagulu, anasiya zimene ankachita.

“Mukanena chiyani? Za kumwezi, pamaso pa amuna? Pamaso pa azibambo a mpingo?”

“Amayi, popanda zimenezo nkhani simveka.”

“Ndiye mukatchulanso ine. Kuti mayi wokalamba wosaphunzira anaopseza mkazi wa mwana wake mpaka anawoletsa ng'ombe ya eni. Ine ndinakutumani kuti mukanamize mwana wamasiye? Ndinakuuzani kuti musathire. Sindinakuuzeni kuti muname.”

Pamenepo ananena zoona, ndipo ndikufuna mumve bwino. Apongozi anga sanandiuze kuti ndiname. Iwo ankateteza mdzukulu wawo m'njira imene amaidziwa, ndipo Pemphero atadwala anamunyamula ndi iwo kupita kuchipatala. Bodza ndi langa ndekha.

Koma anamaliza motere: “Zapakhomo pano zikakatuluka pabwalo, inunso mutuluke. Njira ya ku Namitete mukuidziwa.”

Bambo a Pemphero pafoni anati, “Iwe, zinatha kale zimenezo. Mtsikanayo umupatseko kenakake basi, usandiyambanitse ndi mayi anga.” Mayi anga ondibereka nawo anati banja salisewera chifukwa cha mwana wa eni.

Ndakhala miyezi itatu ndikuyeza ziwirizi. Mbali ina denga la mwana wanga. Mbali ina mtsikana amene anandisungira chinsinsi dzinja lonse chifukwa anaona mapazi a mwana yemweyo. Sabata yatha ndinamva mmodzi wa ana a pulayimale, amene sanamuonepo n'komwe Tadala, akuuza mnzake pa mpira kuti usachite za Tadala. Dzina lake latuluka m'gulu, layamba kuyenda lokha. Ndinafika kunyumba n'kupempha pepala.

Lero ndi tsiku limene ophunzira atsopano mukumaliza maphunziro anu, makolo anu ali pano, a mpingo ali pano, a Mbewe aitanidwa. Gulu loposa ili sindidzalipeza. Ndinatumiza uthenga kuchigafa kuja. Pamene ndikulemba sindikudziwa ngati Tadala abwere, ndipo ndikamawerenga sindidzutsa maso kuti ndione kumbuyoko, chifukwa ndikamuona sindimaliza.

Tadala, ngati ulipo, moto wako unalibe mlandu. Malo ako pa nsanja alipo, ndipo si chifundo, ndi ako. Inu amene munalemba nkhani ija m'makope, mukang'ambe tsambalo. A Yobu, mawu aja athe lero. Ngati gulu silingakhale popanda dzina loopsezera aulesi ndi abodza, tengani langa. Muziti usachite za Flora.

Ndipo iwe mtsikana amene waima pa chitini chako, kaya ndi cha mchere kaya n'china, dzanja likukana ndipo ukuganiza zongopaka tsabola: itana munthu. Manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka. Ine ndasenza enawo chaka chathunthu.

Sutikesi ndalongedza m'mawa uno, ili kuseri kwa chitseko, satifiketi ili pansi pake monga kale. Apongozi anaiona. Anangomuveka Pemphero juzi, n'kundipatsira. Sindikudziwa ngati madzulo ano ndikamasule kapena ndikaisenze. Mwana uyu sanawoletse ng'ombe, sananamize munthu, koma mwina agona ku Namitete chifukwa cha pepala ili, kutali ndi agogo ake amene amamukonda.

Ndiye ndikufunseni inu, makamaka amayi amene munaberekapo mwana wotupa mapazi. Dzina la mwana wa eni ndalibweza, koma ndalibweza ndi denga la mwana wanga. Kodi ndachita bwino?